Makiyi a Buku la a Dailesi

Nkolokosa, Blantyre
3 Meyi 2024

Mwana wanga Eliot,

Landira moni wochokera kwa ine amayi ako. Uli bwanji ku Cape Town, nanga ntchito yako ya makompyuta ikuyenda? Kuno tilipo, kungoti bondo langa layambiranso chifukwa kuzizira kwafulumira chaka chino. Kalatayi ndalemba pa pepala monga mwa masiku onse. Mlongo wako Ndaziona aijambula pa foni yake akaweruka ku saluni kwake ku Limbe, akutumizire.

Chipitire Pasaka wangoti zii. Ndikaimba, foni imangolira yokha. Ine si mwana, ndikudziwa pamene waima. Makope awiri oyamba a buku langa unawalemba pa kompyuta mothamanga, mpaka kundiuza kuti sunkadziwa kuti agogo ako anawolokera pa Muloza wapansi kuchokera ku Mozambiki, ine ndili kumsana. Nkhani za ku fakitale yosoka zovala ku Makata unaseka nazo. Koma kope lachitatu, mmene muli za ine ndi malemu bambo ako a Chester Maziko, ndi limene lakutseka pakamwa.

Ndalemba zimene zinachitika, osawonjezera mchere. Anthu a ku tchalitchi ankadziwa mkulu wa mpingo wovala jekete. Ine ndinkadziwa munthu amene ankavula jeketeyo akafika kunyumba.

Sindikufuna buku logulitsa m'tauni kuti aliyense wodutsa azilisanthula. Ndikufuna buku la pa foni, loti lifike kwa anthu amene ndawasankha ndekha, ena onse asalione. Iwe ndiwe wodziwa zimenezi, n'chifukwa chake ndinakupatsa ntchitoyi.

Ngati yakulemera, nena. Ndaziona akuti ku Limbe kuli kafe ya intaneti kumene amalembera anthu chilichonse. Ndikapereka makope anga kumeneko. Bukuli lituluka, ndi iwe kapena popanda iwe.

Undiuze za thanzi lako. Chifuwa chija chinatha?

Ndine amayi ako,
Dailesi


Cape Town
19 Meyi 2024

Amayi,

Moni. Ndili bwino, chifuwa chinatha. Bondolo muzilifunditsa.

Chonde, ku kafe musapiteko. Kumeneko zolemba za anthu zimatsala pa kompyuta, wina akakhalapo amaziona. Mukapereka makopewo Lolemba, pofika Lachitatu buku lanu lidzakhala pa magulu onse a WhatsApp kuyambira ku Ndirande mpaka ku Bangwe.

Mwandiganizira molakwa. Sindinasiye ntchito yanu, ndamaliza kulemba lonse. Kungoti kope lachitatulo ndimati ndikalemba tsamba limodzi, ndimatseka laputopu n'kutuluka panja. Makina anu osokera aja, ife munatiuza kuti anagwa pa tebulo. Lero ndikuwerenga kuti bambo anawaswa ndi hamala chifukwa munasokera diresi akazi a neba osawapempha. Ndinakwiya, amayi, ndipo mpaka pano sindikudziwa bwinobwino ngati ndinakwiyira iwo kapena inu. Foni yanu ndinkaiona ikulira, koma ndinkangoisiya.

Nazi zimene ndakonza. Bukulo ndaliika pa intaneti pamalo otseka. Munthu aliyense amene mwamusankha alandira linki yakeyake pa imelo yake. Linkiyo payokha sitsegula kanthu, imafunsa pasiwedi. Pasiwediyo muisankhe inuyo, ndipo musailembe pa foni kapena m'kalata. Muzimuuza munthu pakamwa, muli awiri. Akatsitsa bukulo mu foni yake, tsamba lililonse likhala ndi dzina lake lolembedwa mopingasa, kuti likadzapezeka kwina tidzadziwe kuti latulukira kwa ndani. Ine kuno ndizitha kuona linki imene yatsegulidwa ndi imene sinatsegulidwe, ndipo mukandiuza kuti tseka, nditseka.

Ndili ndi pempho limodzi. Bwanji dzina la bambo tilisinthe, tiike lina? Nkhani ikhala yomweyo. Akufa sayankha, amayi.

Munditumizire mayina ndi ma imelo.

Mwana wanu,
Eliot


Nkolokosa
26 Meyi 2024

Eliot,

Moni. Ndathokoza kuti wayankha, ndipo za ku kafe ndamva, sindipitako. Ukwiye ndithu. Nanenso ndinakwiya zaka zambiri, sindinafe nazo.

Akufa sayankha, zoona. Koma ali moyo ankayankha ndi lamba, ine ndiye ndinalibe poyankhira. Pamaso pa alendo ankanditcha Mnguru wopanda kwawo, anthu n'kumaseka, ine ndikuwathirira tiyi. Iwo dzina langa sanalibise. Lawo likhala mmene ndalilembera: Chester Maziko. Usachotse ngakhale chilembo chimodzi.

Ma imelo akutumizira Ndaziona. Iyeyo ndiye woyamba. Kenako ana aakazi a mng'ono wanga ku Bangwe, amene akuthamangira mabanja ngati minibasi yomaliza. Kenako a Ruqayyah, mnzanga amene tinkasoka moyandikana ku Makata. Ndi aja anandimanga chala chothyoka ndi kansalu, osandifunsa funso.

Wotsiriza ndi Ireen, mwana wa bambo ako aang'ono a Peterson. Usadabwe. Ndinamuona pa maliro ku Chilomoni nthawi yotentha ija, atavala juzi ya manja aatali, thukuta lili kamukamu. Foni itangolira, kuona kuti ndi mwamuna wake Lackson, mbale inamupulumuka m'manja. Kupulumuka koteroko ndimakudziwa. Kumulangiza sindingathe, angandiyankhe kuti zonse zili bwino monga ndinkayankhira ine. Koma kuwerenga awerenga yekha.

Pasiwedi ndasankha. Ndi mawu a Chilomwe amene agogo ako ankanena akafuna kutidzutsa kuti tiyambepo ulendo. Ndikuuza pa foni Lachisanu, uyankhe. Ireen ndamunong'oneza kale lero titatuluka m'tchalitchi. Anangondiyang'ana.

Amayi ako,
Dailesi


Sunnyside, Blantyre
17 Juni 2024

Mwana wanga Eliot,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino kunjako. Kuno ine ndi mayi ako aang'ono tili bwino.

Monga ukudziwa, pa 24 Ogasiti tidzavundukula chiliza cha achimwene anga, bambo ako. Abusa avomera kubwera, makwaya awiri akukonzekera, ndipo nsalu ya banja taitanitsa kale.

Koma zandipeza zomvetsa chisoni. Ndamva kuti amayi ako alemba buku lonyoza malemu, ndipo kuti iwe ndi amene ukuligawa pa intaneti mwachinsinsi ngati katundu wakuba. Sindikufuna kukhulupirira. Dzina la Maziko lakhala mu mpingo wa mu Blantyre muno kuyambira nthawi ya agogo a agogo ako, ndipo ndi dzina lomwelo limene lili pa pasipoti yako. Ukalipaka matope, wadzipaka wekha.

Palibe banja lopanda zokhoma. Mkazi wolangizidwa bwino amadziwa kuti za m'nyumba zimathera m'nyumba. Amayi ako tinawalandira m'banja lathu ngakhale kuti kwawo sitinkakudziwa. Kuthokoza kwake ndi kumeneku?

Bambo ako kulibe, ndiye bambo ako ndine. Ndikukulamula zinthu ziwiri. Unditumizire bukulo msanga kuti ndione zimene zalembedwamo. Ndipo utseke njira zonse zimene anthu akuliwerengera, lisanafike tsiku la chiliza.

Ndidikira yankho lako sabata ino.

Bambo ako,
P. Maziko


Limbe
24 Juni 2024

Achimwene,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, kungoti chiperoni chatikhaulitsa, makasitomala sakufuna n'komwe kunyowetsa mutu.

Kunyumba kwatentha. Kalata ya bambo aang'ono ija munatitumizira, ndinawawerengera amayi. Kenako ndinawauzanso zimene munanena, zoti aliyense watsegula linki yake kupatula Ireen. Shaa! Amayi anangoti, "Basi, ndi iyeyo. Sanafune kuwerenga, wathamanga kukanena kwa bambo ake." Akuti mutseke linki ya Ireen lero lomwe. Akuti anataya mawu a amayi awo pa munthu wosayenera.

Loweruka bambo aang'ono anabwera ndi galimoto yawo mpaka pa geti. Anapeza amayi akuthirira mpiru. Anati, "Alamu, tikambirane ngati akuluakulu. Bukulo lili kuti?"

Amayi osasiya n'komwe kuthirira. Anati, "Lili m'mwamba, alamu, kumene kumakhala intaneti. Kwerani mukalitenge."

Iwo anati, "Mukuchita mwano."

Amayi anati, "Mwano ndauyamba mochedwa. Ndikanauyamba kale, bwenzi chala ichi chikupindika."

Anabwerera osalowa m'nyumba. Ine ndinali kuseri kwa katani.

Langa ndinaliwerengera mu minibasi pochokera kuno ku Limbe. Ndinapitirira siteji mpaka ku Zingwangwa, kondakitala akuti, "Sisi, galimoto si nyumba, tsikani!" Ndinatsika maso ali psuu. Pa tsamba lililonse pali dzina langa, ndiye zimakhala ngati amayi akuyankhula ndi ine ndekha.

Koma achimwene, za Ireen musafulumire. Ndikudziwa kuti mwini buku ndi amayi, koma tamvani. Mtsikana uja ankabwera kudzalukitsa tsitsi mwezi uliwonse, pano wasiya. Ndaimba kangapo, akuyankha ndi a Lackson, akuti ali kubafa. Munthu angamakhale kubafa tsiku lililonse? Amayi ndawauza kuti intaneti ikuvuta kwanuko, kutseka kutenga nthawi. Mundithandize bodza limeneli pang'ono.

Mlongo wanu,
Ndaziona


Cape Town
27 Juni 2024

Bambo aang'ono,

Moni, ndipo mupereke moni kwa mayi aang'ono. Kalata yanu ndinailandira.

Bukulo lilipo, ndipo ndinalilemba pa kompyuta ndine. Si katundu wakuba. Mwini wake ndi amayi, ndipo ndi iwo amene amasankha woliwerenga. Ine ndimangotsegulira amene andiuza. Inu sanakutchuleni, choncho sindikutumizirani. Kutsekanso sinditseka.

Mwati kwawo kwa amayi simunkakudziwa. Mukanawafunsa, akanakuuzani. Ine ndakudziwa chaka chino, ndipo sindikuchita nako manyazi.

Dzina la Maziko lili pa pasipoti yanga, zoona. Ndaliona m'bukumo pamalo amene sindinkafuna kuliona. Koma amene analiika pamenepo si amayi.

Pa chiliza ndidzabwera ngati andipatsa tchuthi. Ndidzakhala pambali pa amayi.

Mwana wanu,
Eliot


Blantyre
11 Julayi 2024

Achimwene Eliot,

Ndine Ireen. Moni. Musadabwe ndi imelo yachilendoyi, ndaitsegula lero pa kompyuta ya ku ofesi nthawi ya nkhomaliro. Ya kale ija musatumizekonso kanthu.

Ndamva kwa mnzanga wa ku Bangwe kuti mayi aakulu akuti ndinawapereka kwa bambo anga. Muwauze kuti si choncho.

Foni yanga si yanga, achimwene. Ndikafika kunyumba ndimaiika pa tebulo, a Lackson n'kuiyendera yonse. Pasiwedi ya imelo yanga anasankha ndi iwo. Linki yanu itafika ndinaifufuta msanga, poganiza kuti ndidzapeza njira ina. Sindinkadziwa kuti zofufutidwa zimakhalabe penapake. Anaipeza. Anaona mawu akuti buku la a Dailesi, anadina, n'kupeza kuti ikufuna pasiwedi. Anayesa dzina langa, dzina la mwana wathu, tsiku la ukwati wathu, osatheka. Ndiye anatembenukira kwa ine.

Anati, "Ndiuze mawuwo."

Ndinati, "Sindikuwadziwa."

Anati, "Ukuwadziwa, hule iwe. Ndi buku lanji lobisa mwamuna wako?"

Zimene zinatsatira sindilemba. Sabata imeneyo ku ntchito ndinanena kuti ndadwala dzino. Koma mawuwo sindinawatulutse, achimwene. Sindikudziwa mphamvu zake ndinazitenga kuti. Ndinangoona kuti m'nyumba monsemo ndi chinthu chokhacho chimene ndinali nacho ine ndekha, iwo alibe.

Atalephera, anaimbira bambo anga kuwafunsa kuti mayi aakulu akumuphunzitsa chiyani mkazi wawo. Umo ndi mmene bambo anadziwira.

Ngati mayi aakulu sanandikwiyire mpaka kalekale, nditumizireni linki ina pa imelo ino. Sinditsitsa mu foni. Ndiziwerenga pompano pa ofesi, pang'onopang'ono, anzanga akapita kukagula chipisi. Mawu aja ndikuwakumbukira. Ndimawanena chamumtima ndikamakwera minibasi yobwerera kunyumba, ngakhale tanthauzo lake sindilidziwa.

Mlongo wanu,
Ireen


Nkolokosa
14 Ogasiti 2024

Mwana wanga Eliot,

Moni. Ndamva kuti tchuthi akupatsa. Ubwere ndi jekete, mphepo ya Ogasiti yayamba ndi fumbi lake. Ndachedwa kulemba chifukwa nyumba yadzaza.

Iwe ndi mlongo wako munandinamiza kuti intaneti ikuvuta. Ndaziona waulula yekha. Ndakukhululukirani ulendo uno wokha, chifukwa Ireen ndinamuganizira zoipa pamene mwana wa eni ankamenyedwa kaamba ka mawu anga. Ndinamupepesa. Unachita bwino kundifunsa kaye usanamutumizire linki yachiwiri.

Anawerenga lonse ku ofesi kwawo. Kumayambiriro kwa mwezi uno, tsiku lina masana Lackson ali ku ntchito, ndinangoona takisi yaima pa geti. Anatsika Ireen, mwana kumsana, chikwama chimodzi m'manja. Anati, "Mayi aakulu, ndafika pa tsamba lomaliza." Ndinati, "Lowa." Akugona kuchipinda chako. Ku polisi anapita ndi Ndaziona, ndipo kalata ya kuchipatala ali nayo. Lackson anabwera kamodzi kudzagogoda geti ndi mwala. Azimayi a pa mzere wathu uno anatuluka onse n'kuima m'mageti mwawo, manja ali m'chiuno. Lackson anakwera galimoto yake n'kumapita.

Lamulungu lapitali alamu anga a Peterson anaitanitsa msonkhano ku Sunnyside. Ndinapita ndekha. Ndinapeza ankhoswe a Ireen, akulu a mpingo awiri, ndi Lackson atavala suti, nkhope ili yofatsa ngati wodzalandira mgonero. Akazi awo a Peterson, amake Ireen, ankangolowa ndi kutuluka ndi makapu.

A Peterson anati, "Alamu, buku lanu lapasula banja la mwana wanga."

Ndinati, "Buku lilibe manja, alamu. Amene anatupitsa diso la mwana wanu wakhala apoyo, akumwa tiyi wanu."

Mkulu wa mpingo mmodzi anati tikhale ndi mtima wokhululuka. Ndinati a Chester ndinawakhululukira kalekale, n'chifukwa chake ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa phala mpaka tsiku lawo lomaliza ku chipatala. Koma kukhululuka si kunama.

Kenako a Peterson anati pamaso pa akuluakulu ndinene pasiwedi, kuti onse aone ngati zolembedwazo zili zoona. Ndinati, "Mukufuna kuwerenga kuti mupeze pondigwirira. Amene ndinawapatsa ankafuna kuwerenga kuti apeze potulukira. Simuli pa mzere umodzi."

Anaimirira. Anati ngati ndi choncho, pa chiliza ndisadzapondepo, ndipo nsalu ya banja sindilandira. Ndinati nsaluyo asunge, ndili ndi zitenje zanga. Koma kumanda ndidzapita. Munthu uja ndinamupirira ali wamoyo, mwala wake sungandiopse. Ndinatsanzika bwinobwino n'kuyenda wapansi mpaka pa siteji, bondo likundiwawa, mtima uli mbee.

Tsopano tamva chimene ndakulemberera. Dzulo chakumasana kunabwera mlendo, wapansi, atafunda mpango kumutu ngati wopita ku maliro. Amake Ireen. Zaka zonsezi mayi aja sanapondepo pakhomo pano popanda amuna awo. Anabweretsa manachesi m'jumbo. Ananyamula mdzukulu wawo, anamuyang'ana Ireen kumaso nthawi yaitali, osalira, osamuuza kuti abwerere. Tiyi anakana. Ireen atapita kukagoneka mwana, anasendera pafupi nane.

Anati, "Bukulo, munthu wopanda imelo angaliwerenge?"

Ndinati, "Akutumani a Peterson?"

Anati, "Akudziwa kuti ndili ku msika wa Limbe."

Ndinawayang'ana manja, kufuna kuona ngati ali ndi chala chonga changa. Ndinaganiza za mmene ndinamulakwira mwana wawo pofulumira kuweruza. Ndinati Ireen akhoza kuwawerengera lake. Anapukusa mutu. Anati, "Ndamva kuti aliyense limakhala ndi dzina lake. Ndikufuna langa."

Ndaziona wawatsegulira imelo, akutumizira lero. Foni yowerengera izikhala kuno, azibwera Lachiwiri lililonse ngati opita ku msika. Pasiwedi ndawauza kale pakamwa. Anavutika kuitchula, tinabwereza mpaka anaigwira.

Pa masambapo usalembe kuti Mayi Maziko. Ulembe dzina lawo lenileni, Alefa. Anatero eni ake.

Amayi ako,
Dailesi